Laputopu ya Linux ikamangonong'ona: kufufuza pamene mawu akutsekeka

Voliyumu ili pa 100%, koma kuti mumve zimene munthu akunena pa YouTube mukuchita kuweramira pa kiyibodi. Laputopu yomweyo ili ndi Windows inkamveka mpaka kukhonde. Ambiri amene aika Ubuntu, Linux Mint, Fedora kapena Debian amakumana nazo zimenezi, ndipo kawirikawiri masipika amakhala alibe mlandu.

Mawu pa Linux amayenda ngati madzi m'paipi yokhala ndi mipopi ingapo motsatizana. Amachoka mu pulogalamu imene ikuimba, kaya ndi Firefox kaya VLC, n'kulowa mu PipeWire kapena PulseAudio, amene amasakaniza mawu a mapulogalamu onse. Akachoka apo amapita ku ALSA, gawo la kernel (mtima wa Linux) limene limalankhula ndi kachipangizo ka mawu ka mkati mwa laputopu, kenako ku amplifier imene imawonjezera mphamvu ya mawuwo, n'kumaliza ndi sipika. Paliponse pamenepa pali mpopi wake, koma kachizindikiro ka voliyumu ka pakona ya sikirini kamakuonetsani umodzi wokha. Ntchito ili apa ndi kupeza mpopi umene watsegulidwa theka. N'chifukwa chake nkhani yokweza kupitirira 100% taiika chakumapeto, ngakhale ndiyo imene anthu amathamangira.

Yambani ndi kumvetsera

Musanasinthe chilichonse, dziwani kaye kukula kwa vutolo. Ikani laputopu patebulo louma. Malaputopu ambiri masipika ake ali kunsi, amadalira kuti mawu agunde patebulo n'kubwerera kwa inu, ndiye pa matiresi kapena pa bulangeti theka la mawu limathera mu nsalu.

Tsegulani Terminal, zenera lolembamo malamulo, pa Ubuntu ndi Mint ndi Ctrl+Alt+T, mulembe:

`speaker-test -c 2 -t wav`

Mumva mawu a munthu akuti "Front Left" kumanzere, "Front Right" kumanja, mobwerezabwereza mpaka mutadina Ctrl+C. Mawu amenewa akamveka bwino koma vidiyo yanu ili chapansipansi, vuto lili mu pulogalamu kapena mu vidiyoyo. Akamveka mbali imodzi yokha, zisungeni m'mutu, tizipeza kutsogoloku. Kenako lumikizani mahedifoni a waya muyesenso. Mahedifoni akamaphulitsa makutu pamene masipika akunong'ona, mwachepetsa kale malo ofufuza: ndi mpopi wa Speaker mu ALSA, amplifier, kapena masipika enieniwo. Zonse zikakhala zofooka mofanana, yang'anani kumtunda, ku mipopi ya ALSA yotchedwa Master ndi PCM, komanso ku PipeWire.

Mpopi wa pulogalamu ndi wa chipangizo

YouTube ili ndi voliyumu yakeyake pansi pa vidiyo, VLC nayonso chimodzimodzi. Zimenezo aliyense amazidziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti PipeWire ndi PulseAudio amasunganso voliyumu ina ya pulogalamu iliyonse payokha, ndipo saiwala. Mukatsitsa Firefox tsiku limodzi, imakhala yotsika mpaka mudzaikweze nokha. Kuti muione, ikani pavucontrol:

`sudo apt install pavucontrol`

Pa Fedora lembani `dnf` m'malo mwa `apt`. Ndi kapulogalamu kakang'ono, sikadya bandulo, ndipo kamagwira ntchito pa PipeWire ndi pa PulseAudio pomwe. Seweretsani nyimbo kaye musanakatsegule, chifukwa pulogalamu imene ili chete sioneka pa mndandanda.

Pa tsamba la Playback, pulogalamu iliyonse ikhale pa 100%. Pa Output Devices yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, chipangizo cha mkati mwa laputopu chikhale pa 100%. Chachiwiri, dinani kachizindikiro ka loko kuti kumanzere ndi kumanja kuoneke padera. Mbali ina ikakhala yotsika, ifananitseni ndi inzake n'kutsekanso lokoyo. Chachitatu, pa Port pakhale Speakers. Pakalembedwa kuti mahedifoni alumikizidwa chonsecho palibe chimene mwalowetsa, m'kabowo ka mahedifoni muli fumbi kapena kachitsulo kozindikira pulagi kapindika, ndipo laputopu ikuzimitsa masipika poganiza kuti mwavala mahedifoni.

Manambala a apa amanyenga. 50% si theka la mphamvu. Pavucontrol imalemba ma dB, muyeso wa kukula kwa mawu, pambali pa peresenti, ndipo muona kuti 100% ndi 0 dB, 80% ndi pafupifupi -6 dB, pamene 50% ndi -18 dB. Khutu la munthu limamva ngati mawu achepa ndi theka akatsika ndi 10 dB. Ndiye mukakhala ndi pulogalamu pa 80% ndi chipangizo pa 80%, mwataya kale pafupifupi 12 dB, kupitirira theka la zimene mumayenera kumva, pomwe m'maso zikuoneka ngati zonse zili pamwamba.

Malizani ndi tsamba la Configuration. Laputopu zakale pang'ono zimafuna Analog Stereo Duplex. Zatsopano za Intel zimalemba Play HiFi quality Music. Mukapeza pasankhidwa Pro Audio, sinthani. Pro Audio ndi ya ojambula nyimbo, ndipo ikasankhidwa PipeWire imasiya kukhudza mipopi ya pa kachipangizo ka mawu, moti ngati inali yotsika imakhala choncho ngakhale mukweze bwanji pa sikirini.

Alsamixer, pamene vuto limabisala kawirikawiri

Siyani voliyumu ya pa sikirini pa 100% musanalowe muno. Chifukwa chake n'chakuti PipeWire ndi PulseAudio amasuntha ena mwa mipopi ya ALSA mukamakweza kapena kutsitsa. Mukaika pa 100% kaye, uliwonse umene mudzaupeze uli wotsika ndiwo wolakwa.

`alsamixer`

Ikatseguka nthawi zambiri imaonetsa mzati umodzi wokha, ndipo pamwamba kumanzere pamalembedwa PipeWire kapena PulseAudio. Umenewo ndi mpopi womwe uja mwauona kale. Dinani F6, kapena Fn ndi F6 pamodzi pa malaputopu ambiri, musankhe khadi lenileni, kutanthauza kachipangizo ka mawu kaja. Dzina lake limakhala HDA Intel PCH, HD-Audio Generic kapena sof-hda-dsp. Pa malaputopu a AMD makadi amakhala awiri ofanana mayina. Limene likungoonetsa S/PDIF ndi la HDMI, sankhani linalo.

Tsopano muona mizati yambiri. Muvi wakumanja ndi wakumanzere ukusunthani pakati pa mizati, wokwera ndi wotsika usintha voliyumu. Pansi pa mzati uliwonse pali kabokosi: 00 kutanthauza kuti uli wotseguka, MM kutanthauza kuti watsekedwa, ndipo chilembo M chimatsegula kapena kutseka. Mukaima pa mzati, pamwamba kumanzere pamaoneka mzere ngati `Item: Speaker [dB gain: -20.25, -20.25]`. Nambala imeneyo ndi imene muyenera kukhulupirira. Cholinga ndi 0.00.

Kwezani Master, PCM, Speaker ndi Headphone. Ngati pali Front kapena Bass Speaker, kwezaninso ndi kuonetsetsa kuti ali pa 00. Musalekeze pa mizati imene ikuoneka. Pitirizani kudina muvi wakumanja mpaka kumapeto, chifukwa ina imabisala kuseri kwa sikirini. Mukafika pa Auto-Mute Mode, dziwani kuti ntchito yake ndi kuzimitsa masipika mukalowetsa mahedifoni. Ngati kabowo kanu kakunamiza laputopu monga tanena, kuiika pa Disabled kungabweze mawu ku masipika.

Pali mizati ina yosayenera kuikhudza. Mic Boost, Internal Mic Boost, Beep ndi Loopback Mixing sizikweza nyimbo zanu. Zimangobweretsa kufuula kwa maikolofoni ndi kaphokoso ka "sssss" kosatha. Anthu ambiri pofuna kuthana nazo msanga amakweza chilichonse chimene akuona, n'kudzipezera vuto lachiwiri.

Okonda kulemba angachite zomwezo motere, posintha 0 ndi nambala ya khadi lawo imene `cat /proc/asound/cards` yaonetsa:

`amixer -c 0 sset Master 100% unmute`
`amixer -c 0 sset Speaker 100% unmute`
`amixer -c 0 sset PCM 100%`

Tulukani mu alsamixer ndi Esc, kenako musunge:

`sudo alsactl store`

Zimalembedwa mu fayilo ya `/var/lib/alsa/asound.state`, ndipo laputopu imaziwerenga poyaka.

Zikamabwerera mukayatsanso

Nthawi zina mawu amakwera bwinobwino, mawa lake abwerera pansi. Apa ndiye kuti PipeWire kapena PulseAudio akubwezeretsa zimene anasunga kale. Dziwani kaye amene muli naye:

`pactl info | grep "Server Name"`

Yankho likakhala ndi mawu oti "on PipeWire", muli pa PipeWire. Fedora inasamukira kumeneko pa Fedora 34 mu 2021, Ubuntu pa 22.10, Linux Mint pa 22. Ubuntu 22.04 ndi Mint 21 akadali pa PulseAudio. Lamulo la `pactl` likasowa, lili mu phukusi la `pulseaudio-utils`.

Pa PipeWire, sunthirani pambali zosungidwazo n'kuyambitsanso:

`mv ~/.local/state/wireplumber ~/.local/state/wireplumber.kale`
`systemctl --user restart wireplumber pipewire pipewire-pulse`

Pa PulseAudio:

`mv ~/.config/pulse ~/.config/pulse.kale`
`pulseaudio -k`

Musaike `sudo` pa malamulo amenewa. Mafayilowa ndi a akaunti yanu, ndipo PipeWire ndi PulseAudio amayenda m'dzina lanu. Tagwiritsa `mv` osati `rm` kuti zikavuta muthe kubweza chikwatu chakale. Mukatero voliyumu ibwerera pa mlingo woyambira, umene umakhala wotsika ndithu, ndiye ikwezeninso pa 100%.

Ngati muli Windows m'laputopu yomweyo

Ichi chimasokoneza anthu chifukwa vuto limabwera ndi kupita. Lero mawu ali bwino, mawa palibe kapena ndi ofooka, chonsecho simunakhudze kanthu. Windows 10 ndi 11 zili ndi Fast Startup, imene sizimitsa kompyuta kotheratu, ndipo kachipangizo ka mawu kamatha kutsala m'mene driver wa Windows, pulogalamu yokayendetsa, anakasiyira. Kuchita Restart kuchoka ku Windows kupita ku Linux kungachitenso zomwezo, popeza magetsi sachoka pa kachipangizoko.

Lowani mu Windows, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, muchotse chizindikiro pa Turn on fast startup. Kuyambira pamenepo, pochoka ku Windows muzizimitsiratu ndi Shut down, mudikire masekondi khumi, ndiye muyatse n'kusankha Linux.

Pamene Linux sikudziwa masipika onse

Mwakweza zonse, mahedifoni akumveka bwino, koma masipika akutulutsa mawu opyapyala ngati a kawayilesi ka m'thumba, opanda kugunda kulikonse. Gawo ili ndi lovutirapo, ndipo limakhudza kwambiri malaputopu opyapyala a zaka zaposachedwa a Lenovo, ASUS, HP ndi Samsung.

Ambiri mwa amenewa ali ndi masipika anayi: awiri aang'ono a mawu okwera, awiri okulirapo a besi. Kachipangizo ka mawu, kawirikawiri ka Realtek, kali ndi timiyendo tambiri, ndipo BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imayatsa laputopu, ndiyo imauza driver kuti kamwendo kati kapita ku sipika iti. Opanga ena salemba bwino zimenezi mu BIOS, amangozikonzera mu driver wawo wa Windows. Linux ikawerenga BIOS yoteroyo imangoona masipika awiri aang'ono aja. Akatswiri a kernel amakonza vutoli laputopu imodziimodzi, polemba nambala ya modelo iliyonse mu driver wa Realtek. Ichi n'chifukwa chake kernel yatsopano imathetsa mavuto a mawu ambiri kuposa china chilichonse chimene mungasinthe nokha.

Onani zimene muli nazo:

`uname -r`
`grep Codec /proc/asound/card*/codec*`
`sudo dmesg | grep -iE "snd|sof|cs35l|tas27"`

Lamulo loyamba likupatsani kernel. Ubuntu 22.04 inatuluka ndi 5.15, Debian 12 ndi 6.1, Ubuntu 24.04 ndi 6.8. Laputopu ikakhala yatsopano kuposa kernel yake, musadabwe. Lachiwiri likupatsani dzina ngati Realtek ALC257, ALC285, ALC287 kapena ALC298. Lachitatu ndilo lofunika kuliwerenga modekha.

Mukaona cs35l41 kapena tas2781, laputopu yanu ili ndi amplifier yapadera ya Cirrus Logic kapena Texas Instruments pakati pa Realtek ndi masipika. Imeneyi imafuna driver wake komanso firmware yake, imene imaiuza mphamvu imene sipika ya modelo imeneyo ingapirire. Firmware ikasowa, amplifier imatha kugwira ntchito ndi mphamvu yochepa kapena osayaka n'komwe. Mizere yonena kuti "failed to load firmware", kapena yodandaula kuti ACPI _DSD properties zikusowa, ikuloza kumeneko. Alsamixer singakuthandizeni apa. Chofunika ndi kukweza kernel ndi firmware:

`sudo apt update`
`sudo apt install linux-firmware firmware-sof-signed alsa-ucm-conf`
`sudo apt install linux-generic-hwe-24.04`

Mayina a maphukusiwa ndi a Ubuntu ndi Mint. Mzere womaliza ndi wa Ubuntu 24.04, pa 22.04 sinthani nambala. Pa Linux Mint tsegulani Update Manager, View, Linux Kernels, musankhe yatsopano imene ikuthandizidwabe. Phukusi la `linux-firmware` ndi lalikulu, mamegabaiti mazana angapo, choncho lichiteni pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku. Kernel yakale sichoka. Yatsopano ikavuta, sankhani yakale pa Advanced options mu GRUB, mndandanda wosankhira umene umaoneka poyatsa.

BIOS nayo imakonzedwa ndi opanga. Pa malaputopu ambiri a Dell, Lenovo ThinkPad ndi ena a HP mungaikweze muli mu Linux momwemo ndi `fwupdmgr refresh`, kenako `fwupdmgr update`. Chitani zimenezi batire ili yodzaza ndipo chaja ili pamagetsi. Laputopu ya batire yakufa, imene imazima magetsi akangothima, musaiyese n'komwe pokhapokha pali magetsi odalirika, chifukwa BIOS ikadukira pakati laputopu imatha osayakanso.

Ngati dmesg sikutchula amplifier yapadera, koma mukudziwa kuti masipika a besi alipo ndipo ali chete, mungauze driver nokha:

`sudo apt install alsa-tools-gui`
`hdajackretask`

Pamwamba sankhani codec, kutanthauza kachipangizo ka mawu, ya Realtek, osati ya HDMI. Chongani Show unconnected pins. Pa ma Realtek ambiri 0x14 ndi sipika ya masiku onse, 0x21 ndi mahedifoni, ndipo 0x17 ndi kumene masipika a besi amakonda kulumikizidwa. Ngati 0x17 yalembedwa kuti siyolumikizidwa, chongani Override musankhe Internal speaker ya LFE, kutanthauza ya besi. Batani la Apply now limakonda kukana ponena kuti chipangizo chili busy, chifukwa PipeWire yachigwira. Zikatero dinani Install boot override, muyatsenso laputopu. Sinthani kamwendo kamodzi pa nthawi, muyese muli pa voliyumu yotsika, ndipo zikapanda kuthandiza dinani Remove boot override musanayese kena. Mukasintha itatu nthawi imodzi simudziwa imene yakonza kapena imene yawononga.

Pali njira inanso imene imalangizidwa kwambiri pa intaneti kwa a Intel amene khadi lawo ndi sof-hda-dsp: kukakamiza driver wakale. Mumapanga fayilo `/etc/modprobe.d/mawu.conf` yokhala ndi mzere umodzi, `options snd-intel-dspcfg dsp_driver=1`, n'kuyatsanso. Imathandizadi pa makina ena, koma mtengo wake ndi woti maikolofoni ya mkati imasiya kugwira ntchito pa malaputopu ambiri, popeza imadutsa mu driver watsopano wa SOF amene mwamusiyayo. Kwa amene amachita misonkhano ya Zoom kapena Google Meet, kumeneko ndi kusinthanitsa vuto ndi linzake. Iyeseni ngati njira yofufuzira, ndipo ikapanda kusintha kanthu fufutani fayiloyo nthawi yomweyo. Fayilo yoiwalika mu `/etc/modprobe.d` imadzakuvutitsani patapita chaka, kernel itakonzedwa kale.

Bluetooth ndi USB mwachidule

Mahedifoni a Bluetooth akamamveka ofooka ngati foni ya kalekale, yang'anani pa Configuration mu pavucontrol. A2DP ndiyo ya nyimbo. HSP kapena HFP ndi ya kuimba foni, ndipo laputopu imasamukira kumeneko pulogalamu ikatsegula maikolofoni. Kwezaninso voliyumu ndi mabatani a pa mahedifoni penipenipo. A USB ali ndi khadi lawolawo mu alsamixer, lisankheni ndi F6 mukweze mzati wake.

Chifukwa chake Windows inkamveka kwambiri

Tinene kuti mipopi yonse ili pa 0 dB, masipika onse akulira, koma poyerekeza ndi Windows mawu akadali ochepa. Apa palibe chowonongeka. Opanga malaputopu amaika mu Windows mapulogalamu okometsa mawu: Dolby pa Lenovo zambiri, Waves MaxxAudio pa Dell, DTS pa ena. Ntchito yawo yaikulu ndi kukweza mbali zofooka za nyimbo, kupanikiza zokwera kwambiri, ndi kudula besi wakuya amene kasipika ka mawati awiri sikangatulutse. Linux imapereka mawu m'mene alili mu fayilo, osakometsa.

Njira yachidule ndi ija yopitirira 100%. Pa Ubuntu 22.04 ili mu Settings, Sound, Over-Amplification. Pa GNOME yatsopano, maonekedwe a sikirini amene Ubuntu ndi Fedora amabwera nawo, inasamukira ku Accessibility, Hearing. Ngati maonekedwe anu ndi a KDE Plasma dinani kachizindikiro ka voliyumu muchonge Raise maximum volume. Pavucontrol imafika yokha pa 153%. Pa Terminal:

`pactl set-sink-volume @DEFAULT_SINK@ 120%`

kapena pa PipeWire:

`wpctl set-volume @DEFAULT_AUDIO_SINK@ 1.2`

Mvetsani chimene chikuchitika. Mawu a digito ali ndi denga, ndipo 100% ndiyo denga limenelo. Mukakweza kupitirira, kompyuta imachulukitsa manambala, ndipo chilichonse chogunda denga chimadulidwa mutu. Phunziro lojambulidwa ndi foni patali, kapena uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wofooka, uli ndi mpata waukulu pansi pa denga, ndiye 130% imaukweza bwino popanda vuto. Nyimbo za masiku ano zimajambulidwa zitagunda kale denga. Mukaziika pa 150%, kumene ndi kuwonjezera kupitirira 10 dB, mumva kuthetheka pa ng'oma ndi pa besi, ndipo kawaya ka mkati mwa sipika kamatentha chifukwa kakugwira ntchito pa mphamvu yonse osapuma. Masipika a laputopu amafa motero. Langizo lathu ndi 120% kapena 130% pa zolankhula zokha, ndipo mukangomva kusasa kulikonse tsitsani.

Njira yabwino ndi kuchita zomwe Dolby imachita. Pa PipeWire pulogalamu yake ndi EasyEffects, pa PulseAudio ndi PulseEffects.

`sudo apt install easyeffects lsp-plugins-lv2 calf-plugins`

Iliponso pa Flathub, malo ena otengerako mapulogalamu a Linux, koma ya kumeneko imakoka zinthu zina zambiri koyamba, choncho ya `apt` ndiyo yopepuka pa bandulo. Itseguleni, pa Output sankhani Effects, kenako Add Effect, muike zitatu izi motsatira ndondomeko yake, chifukwa mawu amadutsa kuchokera pa chapamwamba kutsika.

Choyamba Filter, mtundu wa High-pass, pa 120 Hz. Kasipika ka laputopu sikatulutsa mawu a pansi pa pamenepa, koma kamayesabe, ndipo mphamvu yambiri imathera pa kugwedezeka kosamveka. Mukawadula mumapeza mpata wokweza zotsalazo. Pa masipika aang'ono kwambiri mungafike pa 150 Hz.

Chachiwiri Compressor. Yambani ndi Threshold pa -20 dB, Ratio pa 4, Makeup pa 6 dB. Chilichonse chopitirira -20 dB chipanikizidwa, kenako zonse pamodzi zikwezedwa ndi 6 dB. Zotsatira zake zimamveka kwambiri pa mafilimu, pamene anthu amalankhula motsitsa kenako galimoto n'kuphulika. Mukamva mawu akupuma, kukwera ndi kutsika ngati munthu akuseweretsa voliyumu, mwapanikiza kwambiri. Tsitsani Ratio kufika pa 3 kapena 2.

Chachitatu Limiter, Threshold pa -1 dB, ndipo chikhale chomaliza nthawi zonse. Ichi ndicho chimaletsa mawu kugunda denga. Mukafuna kuwonjezera, kwezani Input ya Limiter ndi 2 dB pa nthawi mukumvetsera, voliyumu ya laputopu ili pa 100%, osapitirira.

Sungani zimenezi pa Presets, mutsegule Preferences muyatse zoti iziyamba yokha laputopu ikayaka. Pangani preset ina yopanda Filter ya mahedifoni, chifukwa iwo besi amamutha ndipo mungamutaye pachabe. EasyEffects imadyako batire pang'ono, zimene ndi bwino kuzidziwa pa tsiku lopanda magetsi.

Ngati ndi masipika enieniwo

Malaputopu ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo fumbi la chilimwe limadzaza timabowo ta masipika mpaka kukhala ngati phula. Zimitsani laputopu, tengani mswachi wouma wofewa, mutsuke timabowoto mutatembenuzira pansi kuti fumbi ligwe. Musalowetse singano kapena waya. Kansalu ka sipika kali pafupi kwambiri ndipo kamabooka msanga. Madzi ndi spirit ayi.

Kuti mutsimikize, ikani Fedora kapena Ubuntu yatsopano kwambiri pa fulashi, muyatse laputopu kuchokera pa fulashiyo osaika kanthu pa hard disk, muyese `speaker-test` yomwe ija. Mawu akamveka bwino, vuto lili mu Linux imene mwaika, ndipo mwadziwanso kernel imene ikugwira. Akakhala ofooka chimodzimodzi, komanso mu Windows ngati ilimo, kapena sipika imodzi ikulira ngati pepala lili pa fani ngakhale voliyumu ili pansi, sipikayo yang'ambika kapena kawaya kake kamasuka pa bolodi. Okonza malaputopu amasintha masipika awiri pamodzi, nthawi zambiri kuchotsa pa laputopu ina yakufa ya modelo yomweyo. Podikira, kasipika ka USB kapena ka waya wa mu kabowo ka mahedifoni kamagwira pa Linux popanda kuika driver aliyense.

Mukapeza kuti mu Windows masipika onse akulira koma pa kernel yatsopano ya Linux a besi ali chete, laputopu yanu sinalembedwebe mu driver, ndipo okonza sangadziwe popanda wina kuwauza. Lembani `alsa-info --no-upload`, pa makina ena dzina lake ndi `alsa-info.sh`, ipanga fayilo mu `/tmp` yokhala ndi codec, timiyendo tonse ndi nambala ya Subsystem Id, imene ndiyo amalemba mu kernel. Tumizani fayiloyo ku bugzilla.kernel.org, kapena ku Launchpad ngati muli pa Ubuntu, pamodzi ndi dzina lonse la modelo lolembedwa kunsi kwa laputopu, yankho la `uname -r`, ndi kamwendo kamene munasintha mu hdajackretask ngati kanathandiza.